Madenga a m'tauni pa mapu: a Google, a Microsoft, OpenStreetMap, droni kapena zithunzi zogula?

Anzanga ogwira ntchito m'makhonsolo ndi m'mabungwe, komanso ophunzira amene akulemba kafukufuku wawo womaliza, akhala akundifunsa funso limodzi lomwelo: tikufuna mapu oonetsa denga lililonse m'dera lakutilakuti, tiwatenge kuti? Wina akufuna kudziwa nyumba zimene zamangidwa m'mphepete mwa Lingadzi kapena Mudi, wina akufufuza pomwe msewu ndi ngalande zingadutse ku Mtandire popanda kugwetsa nyumba zambiri, wina nkhani yake ndi ya msonkho wa nyumba. M'malo moyankha mmodzimmodzi pa WhatsApp, ndaganiza zolemba zonse pamodzi.

Ndineneretu kuti mtima wanga uli ku OpenStreetMap, mapu a pa intaneti amene aliyense angajambulepo ndi kukonza, ndipo ndili ndi chakukhosi ndi ogulitsa zithunzi chifukwa cha zimene zinatigwera kumapeto kwa 2023. Muwerenge mukudziwa zimenezo. Komabe zambiri zimene ndinene pano mutha kuziyesa nokha mu QGIS, pulogalamu ya mapu ya pa kompyuta yomwe ndi yaulere, pa dera lomwe mumalidziwa ndi mapazi.

Kalembera wa 2018 anapeza anthu 989,318 mu mzinda wa Lilongwe, 800,264 mu Blantyre, 221,272 ku Mzuzu ndi 105,013 ku Zomba. Kalembera amabwera pakatha zaka khumi, pomwe ku Chinsapo, ku Bangwe kapena ku Mchengautuba munthu amaumba njerwa mu Juni, mvula isanayambe wakhoma kale malata. Lamulo la Physical Planning Act la 2016 linaika dziko lonse pansi pa dongosolo la mapulani, koma palibe angajambule pulani ya malo amene sakudziwa zomwe zili pamenepo. N'chifukwa chake tonse tikuthamangira madenga, poti pa nyumba yonse denga ndi lomwe limaoneka kuchokera kumwamba.

Zithunzi zaulere za masetilaiti a Sentinel-2 ndi Landsat tiziike pambali msanga. Kadontho kamodzi ka Sentinel-2 ndi mamita 10 mbali zonse, ka Landsat mamita 30, ndiye nyumba ya zipinda ziwiri ya ku Mgona imamira yonse m'kadontho kamodzi. Zimathandiza poona momwe mzinda ukufutukukira, osati poona denga la munthu.

Ambiri ndimawauza kuti ayambe ndi Google Open Buildings. Inatuluka mu 2021 ndi madenga 516 miliyoni a mu Africa, ntchito yotsogozedwa ndi ofufuza a Google ku Accra, ndipo pofika 2023 inali ndi madenga 1.8 biliyoni kuphatikizapo mbali za Asia ndi Latin America. Kompyuta inaphunzitsidwa kuzindikira madenga pa zithunzi za setilaiti za masentimita 50 pa kadontho. Denga lililonse limabwera ngati kabokosi, ndi kukula kwake, ndi Plus Code yake (zilembo ndi manambala oloza malo ake), komanso nambala yosonyeza kuti kompyutayo ikutsimikiza motani kuti ichi ndi chomangidwa. Nambala imeneyi ndi imene ndimaikonda kwambiri pa ntchito yonseyi, chifukwa imakupatsa mphamvu yosankha. Ukaikweza, timabokosi tabodza timachepa koma nyumba zenizeni zina zimatayika. Ukaitsitsa, nyumba zambiri zimabwerera koma pamodzi ndi miyala, mauvuni a njerwa ndi mithunzi. Palibe nambala imodzi yoyenera Area 47 ndi Kauma nthawi imodzi, muyenera kuyesa dera ndi dera. Laisensi yake ndi yomasuka, mutha kugawana ndi aliyense bola mwatchula kumene zachokera. Chokhacho chimene chingakudyereni ndalama ndi bandulo, chifukwa mafayilo ake anadulidwa m'zigawo zikuluzikulu zosatsata malire a mayiko, ndiye mukufuna Zomba yokha koma mukukoka ndi madera ena ambirimbiri.

A Microsoft nawo ali ndi madenga awo aulere pa webusaiti ya GitHub, ochokera ku zithunzi za Bing. Mu Africa anayamba ndi Uganda ndi Tanzania mu 2019, ndipo a mayiko ambiri anatuluka mu 2022. Pa madera amene ndimagwirako ntchito ndimawaika pachiwiri: timabokosi tawo timaoneka bwino m'madera a mapuloti akuluakulu, koma kumene kuli tinyumba ting'onoting'ono ndimadalira a Google. Phindu lawo lenileni kwa ine ndi lakuti ukawaika pamwamba pa a Google, pamene awiriwa akutsutsana ndi pamene ukufunika kukayang'ana ndi maso. Kulinso Overture Maps, yomwe inakhazikitsidwa kumapeto kwa 2022, imene imaphatikiza madenga a OpenStreetMap ndi a makompyutawa m'fayilo imodzi, ngati simukufuna kulumikiza nokha.

Vuto la madenga onse ojambulidwa ndi kompyuta limaonekera m'madera omwe tikufunitsitsa kuwadziwa. Ku Namiwawa kapena Area 10 nyumba imodzi ili pakati pa puloti, udzu mbali zonse, aliyense angaizindikire. Pitani ku Mbayani kapena Ndirande. Nyumba za mdadada zimakhala ndi denga limodzi lalitali koma pansi pake pali mabanja asanu kapena asanu ndi limodzi, ndipo kompyuta imawerenga nyumba imodzi. Kwina eni ake anaonjezera chipinda ndi malata atsopano ophatikana ndi akale a dzimbiri, kompyuta imaona mitundu iwiri n'kuwerenga nyumba ziwiri. Madenga a anthu oyandikana amakhudzana moti kanjira kodutsa pakati sikaoneka kumwamba, ndiye kabokosi kamodzi kamameza nyumba zitatu. Denga la udzu m'chilimwe limafanana ndi dothi la pabwalo. Mtengo wa mango suyoyola masamba chaka chonse, ndipo nyumba yomwe ili pansi pake sidzaoneka pa chithunzi cha mwezi uliwonse. Kenaka pali khitchini yapanja, bafa, chimbudzi, khola la nkhuku, kagolosale ka pageti. Zonsezi ndi madenga ndithu, kompyuta sinalakwe, koma amene angachulukitse chiwerengero cha timabokosi ndi chiwerengero cha anthu pa banja apeza mzinda wa anthu omwe kulibe. Kuchotsa timabokosi tochepera pamlingo wakuti kumathandiza pang'ono, koma kumachotsanso tizipinda ta lendi tomwe osauka kwambiri amagonamo, anthu amene pulani ikuyenera kuwaganizira poyamba.

China chomwe anthu saganizira n'chakuti kabokosiko ndi ka denga, si ka maziko. Khonde limaonjezera kukula. Setilaiti nthawi zambiri siyang'ana molunjika pansi, imajambula chopendekera, ndiye denga limasuntha pang'ono kuchoka pa maziko ake, makamaka pa mtsetse ngati wa Soche kapena Ndirande. Pa mapu a ngozi za madzi kusuntha kwa mamita ochepa kulibe kanthu kwenikweni. Pa nkhani ya malire a puloti kutha kuyambanitsa anthu, ndipo palibe njira iliyonse mwa izi imene imalowa m'malo mwa wopima malo wovomerezeka.

Chachikulu pa zonse n'chakuti madenga aulere a makompyutawa sakuuzani tsiku lomwe denga lililonse linajambulidwa. Tikudziwa kuti kompyuta ya Google inayendetsedwa mu 2023, koma zithunzi zimene inagwiritsa ntchito zinali za zaka zosiyanasiyana malinga ndi dera. Mu 2024 anatulutsanso nkhokwe ina yoonetsa chaka ndi chaka kuyambira 2016 mpaka 2023, yokhala ndi msinkhu wa nyumba, koma poti inachokera ku Sentinel-2 imathandiza poona kukula kwa dera, osati kuloza nyumba ya munthu. Kusadziwa tsikuku ndiko kumakankhira anthu kukagula zithunzi, ndipo ndiko kunatikankhira ifenso.

Tinali ndi ntchito pa dera lina la m'phiri lomwe linakhudzidwa ndi namondwe wa Freddy, amene mu Malichi 2023 anagumula matope ndi miyala ku Chilobwe ndi madera ena ozungulira Soche, n'kupha anthu mazanamazana m'chigawo cha kummwera. Tinkafuna kudziwa madenga amene atsala, amene apita, ndi pomwe anthu ayambanso kumanga. Kampani ina yogulitsa zithunzi za setilaiti, yomwe sindiitchula dzina, inatipatsa mtengo wa sikweya kilomita imodzi wooneka wabwino, ndi lonjezo la zithunzi zaposachedwa pamodzi ndi madenga ojambulidwa kale. Dera lathu linali laling'ono, tinawerengera n'kuona kuti tikwanitsa.

Kalata yolipirira itabwera, mtengo unali wina. Ogulitsa zithunzi zakuthwa ngati za WorldView-3 kapena Pléiades sagulitsa kadera kakang'ono. Nthawi zambiri zithunzi zosungidwa kale zimayambira pa masikweya kilomita 25, ndipo mukafuna kuti setilaiti ikujambulireni zatsopano malowo amakula kwambiri kuposa pamenepo. Tinalipira malo ambiri omwe sitinkawafuna. Kuwongola chithunzi kuti chigone bwino pa mtsetse kunali ndi mtengo wake wapadera. Zonse zinali m'madola, ndipo aliyense wa kuno akudziwa momwe kupeza ndalama zakunja kubanki kumavutira. Tikudikira kubanki, mu Novembala 2023 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, bajeti yathu yomwe inali m'makwacha inaperewera, mpaka tinadula masiku a anyamata ndi atsikana oyenda khomo ndi khomo kuti tikwanitse kulipira. Kutsika kwa kwacha sindikukuika pa kampaniyo. Zotsatirazi ndizo ndikuziika pa iwo.

Chithunzi chomwe anatitumizira chinali chowala bwino, chopanda mtambo ndi umodzi womwe, koma chinajambulidwa Freddy asanabwere. Tsiku lake silinalembedwe pa kalata ya mtengo, linali m'kafayilo kena kobwera pamodzi ndi chithunzicho. Titafunsa, anatiyankha kuti mawu oti zaposachedwa amatanthauza chithunzi chomaliza chopanda mitambo chomwe anali nacho. Ndiye pa kompyuta panali nyumba zili chilili pamalo pomwe tinkadziwa kuti patsala miyala ndi chigwembe. Mnzathu wina wa m'gululo anali ndi abale amene anakhudzidwa, ndipo kumuonetsa timabokosi timeneto kunali kowawa. Pa ntchito yathu chithunzicho chinali ndi phindu limodzi lokha, kutiuza zomwe zinalipo kale, zimene madenga aulere akanatiuza popanda tambala.

Chomwe chinandipweteka koposa chinali laisensi. Chikalata chake chinabwera pamodzi ndi mafayilo, ndalama itapita kale. Chinkanena kuti chithunzi ndi madenga omwe ndi zogwiritsa ntchito mkati mwa bungwe limodzi lokha. Akhonsolo atapempha fayiloyo, zomwe zinali cholinga cha ntchito yonse, tinauzidwa kuti limenelo ndi bungwe lina, pafunika ndalama zina. Bungwe lomwe linkagawa thandizo m'deralo nalonso linali lina, ndalama zinanso. Kuika pa MASDAP, nkhokwe ya mapu ya dziko lino, kunali koletsedwa. Kuika pa OpenStreetMap kunali koletsedwa. Ngakhale madenga amene ife tinakonza ndi manja athu pamwamba pa awo anagwera m'lamulo lomwelo. Zinali ngati kugula khasu ndi ndalama zako, wogulitsa n'kukuuza kuti mbale wako akafuna kulimira mzere umodzi ubwerenso udzalipire. Tinatha kusindikiza mapu pa pepala n'kuonetsa pa msonkhano, koma fayilo yomwe wa mapulani ku khonsolo akanaitsegula n'kuigwiritsa ntchito chaka chamawa inatsala pa laputopu imodzi. Mpaka lero ili pomwepo.

Ndikudziwa kuti malamulo otere si achilendo pa malonda a zithunzi za setilaiti, ndipo kuponya setilaiti kumwamba si ndalama zochepa. Koma ntchito ya mapulani a mzinda ndi ya anthu ambiri: khonsolo, a Lands, a Survey, a Water Board, a ESCOM, mafumu, makomiti a m'madera. Mapu amene mmodzi yekha mwa amenewa angawatsegule sanathandize mzinda. Wogulitsa amene akudziwa kuti mukugwira ntchito ndi khonsolo n'kukhala chete pa nkhani ya laisensi mpaka mutalipira, ameneyo kwa ine sanachite chilungamo, ndipo sindidzabwererako.

Ku OpenStreetMap denga limajambulidwa ndi munthu. Ntchitoyi inayamba mu 2004 ku Britain, ndipo kuno mbali zambiri zinajambulidwa pa nthawi za mavuto, monga madzi osefukira a Januwale 2015, anamondwe a Idai mu 2019, Ana mu 2022 ndi Freddy, kudzera mu Tasking Manager ya Humanitarian OpenStreetMap Team, webusaiti yogawira ojambula madera oti ajambule, ndi ntchito ya Missing Maps, pamodzi ndi magulu a ophunzira a m'mayunivesite athu. Ndisabise zofooka zake. Kumene kunagwa ngozi kuli madenga ochuluka, kumene kunalibe ngozi kutha kukhala mbee. Ena mwa ojambulawo ndi anthu a kutali omwe sanaonepo nkhokwe ya chimanga, ndiye anaiyesa nyumba. Ena anajambula pa chithunzi chosuntha, msewu wonse wa nyumba n'kupendekera mbali imodzi. Ndipo kujambula ndi manja kumatenga nthawi, aliyense amene anakhalapo ndi JOSM, pulogalamu yojambulira pa OpenStreetMap, madzulo onse akudziwa momwe maso amawawira.

Komabe ndi kuno kokha kumene denga lililonse lili ndi mbiri yake. Mutha kuona amene analijambula, tsiku lomwe analijambula, ndipo nthawi zambiri ndi chithunzi chimene anagwiritsa ntchito. Ndi kuno kokha kumene mungalembe kuti ili ndi tchalitchi, uwu ndi mzikiti, ichi ndi chigayo, denga ili ndi la malata, ili ndi la udzu, nyumba iyi ili ndi nsanjika. Mukapeza cholakwika mumakonza lero, mawa mnzanu wa ku Mzuzu akakoka fayilo ya Malawi ku Geofabrik, webusaiti yogawa mafayilo a OpenStreetMap, apeza zokonzedwa. Laisensi yake imafuna kuti mutchule gwero, ndipo mukasakaniza ndi zanu n'kugawa kwa anthu, mugawe momasuka chimodzimodzi. Mabungwe ena amaopa lamulo limeneli, ine ndimaliona ngati chitetezo, chifukwa palibe angadzatseke ntchito yomwe achinyamata a m'dera anaikhetsera thukuta. Anzathu a ku Dar es Salaam anaonetsa kale kuyambira 2015 ndi ntchito yawo ya Ramani Huria kuti ophunzira ndi anthu a m'madera atha kujambula nyumba ndi ngalande za madera osefukira madzi mpaka mapuwo kugwiritsidwa ntchito pokonza za mzinda. Chenjezo limodzi lofunika: musajambule kuchokera pa zithunzi za Google Earth n'kuika pa OpenStreetMap, malamulo salola. Za Bing ndi za Esri ndizo zololedwa. Ndipo musangokhuthulira madenga a kompyuta onse m'menemo nthawi imodzi. Pulogalamu ya Rapid imakupatsani mwayi woona denga limodzilimodzi n'kuvomereza kapena kukana, ndipo ndi momwe ziyenera kuchitikira.

Droni ndiyo imathetsa nkhani ya tsiku, chifukwa tsikulo mumasankha nokha. Ikauluka pa mamita pafupifupi 100 imapereka chithunzi cha masentimita ochepa chabe pa kadontho. Pamenepo mzere wolekanitsa madenga awiri okhudzana umaoneka, tinjira ta pakati pa nyumba timaoneka, ngalande yodzaza zinyalala imaoneka, ngakhale miyala yotsendereza malata imaoneka. Imaulukanso pansi pa mitambo, chinthu chofunika kwambiri pakati pa Disembala ndi Malichi pomwe setilaiti imangojambula mitambo yokhayokha. Kuchokera pa zithunzi zomwezo mumapezanso kutsetsereka kwa nthaka ndi msinkhu wa nyumba, zomwe wokonza ngalande amazifuna kuposa timabokosi. Kuno tili ndi mwayi poti luso lilipo. Boma ndi UNICEF anatsegula malo oyesera madroni ku Kasungu mu 2017, ndipo African Drone and Data Academy inayamba mu 2020 mogwirizana ndi Virginia Tech ndi MUST, moti achinyamata odziwa kuulutsa ndi kukonza zithunzi alipo ndithu, sitifunika kuitana munthu wochokera kunja. Pulogalamu ya WebODM imalumikiza zithunzi popanda kulipira chaka ndi chaka, ndipo chithunzi chomalizidwa mutha kuchiika pa OpenAerialMap, nkhokwe yaulere ya zithunzi za kumwamba, kuti aliyense ajambulirepo.

Ndalama zobisika za droni zilipo nazonso. Batire limodzi silikhalitsa, ndiye pamafunika mabatire angapo ndi potchajira, magetsi athu mukuwadziwa. Chilolezo cha oyang'anira maulendo a ndege chimafunika, ndipo pafupi ndi bwalo la ndege la Kamuzu kapena la Chileka, nyumba za boma ndi malo a asilikali musayerekeze popanda kalata. Zizindikiro za pansi ziyenera kupimidwa ndi GPS yeniyeni ya opima malo, apo ayi chithunzi chanu chokongolacho chidzakhala pamalo olakwika. Kompyuta yolumikizira zithunzi mazanamazana iyenera kukhala yamphamvu. Ndipo droni sijambula timabokosi, imangopereka chithunzi, munthu akhalebe pansi ajambule. Mzinda wonse wa Lilongwe ndi droni yaing'ono si nzeru. Zanzibar inajambulidwa ndi madroni kuyambira 2016, koma inali ntchito yaikulu ya boma ndi World Bank, osati ya gulu la anthu anayi.

Pali china chimene sichilembedwa pa bajeti koma ndimachiona chachikulu. Mabafa ambiri m'madera athu alibe denga. Chithunzi cha masentimita asanu chimaona m'mipanda ya anthu, amayi akusamba, ana akusewera, katundu ali pabwalo. Musanaulutse kakhaleni pansi ndi a mfumu, a khansala ndi makomiti a m'dera, mulengeze tsiku ndi nthawi, mufotokoze cholinga, ndipo musanagawe chithunzicho kwa anthu muchichepetse mphamvu. Anthu a m'madera osatsata pulani akaona chinthu chikuuluka pamwamba pa nyumba zawo amaganiza za kugwetseredwa, ndipo mantha amenewo ali ndi chifukwa. Ngati cholinga chili msonkho, nenani poyera. Freetown ku Sierra Leone inagwiritsa ntchito kukula kwa madenga kuchokera pa zithunzi za kumwamba pokonzanso msonkho wa nyumba cha m'ma 2020, koma anthu anayendabe nyumba ndi nyumba kukaona makoma, msewu ndi zina. Denga lokha silinena kuti mwini wake ndani, mukukhala anthu angati, kapena madzi alipo.

Pa njira iliyonse yomwe mungasankhe, samalani ndi mapu akale a boma. Ambiri anapimidwa pa njira yakale yolozera malo pa mapu yotchedwa Arc 1950, pomwe madenga onse ndatchulawa ali pa njira ina yotchedwa WGS 84. Mukangowaika pamodzi osasintha, nyumba zimasuntha ndi mamita mazana awiri kapena atatu, ndipo mudzayamba kunena kuti anthu anamanga mumtsinje pomwe ali kumtunda.

Ndiye mukandifunsa kuti mutenge ziti, ndikufunsani kaye kuti mukufuna kuchita chiyani. Ngati mukufuna kudziwa kumene mzinda ukukulira, kapena kuyerekeza kuthithikana kwa nyumba pakati pa Area 25 ndi Area 49, tengani a Google lero lomwe, muike a Microsoft pamwamba poyerekeza, musalipire aliyense. Ngati mukukonza msewu, ngalande, mipopi kapena kusamutsa anthu pa malo a ngozi m'dera limodzi lothithikana, ulutsani droni, mujambule madenga pa OpenStreetMap ndi achinyamata a m'dera lomwelo, kenaka ayende ndi mafoni kukatsimikizira khomo ndi khomo kuti pansi pa denga lililonse pali mabanja angati. Ndalama yomwe mukanapatsa wogulitsa zithunzi ipite kwa oyenda pansiwo, ndi iwo amene amasandutsa timabokosi kukhala nyumba za anthu.

Zithunzi zogula zili ndi malo ake, sindingakane. Khonsolo yofuna mzinda wonse pa nyengo imodzi, kapena dera lomwe droni siingaloledwe, ilibe njira ina yachangu. Nthawi yabwino yojambulitsa ndi pakati pa Meyi ndi Ogasiti, mitambo itachepa koma utsi wa moto wa tchire usanakute kumwamba. Koma musanatumize ndi tambala yomwe, zinthu izi zilembedwe pa kalata ya mtengo yeniyeniyo: tsiku lenileni lomwe chithunzi chinajambulidwa, kuchuluka kwa mitambo pa dera lanu lenilenilo osati pa chithunzi chonse, kupendekera kwa setilaiti pojambula, malo ochepetsetsa omwe mukulipira, ndiponso ngati kuwongola chithunzi kuli mkati mwa mtengowo. Chikalata cha laisensi muchione musanalipire, mayina a mabungwe onse odzagwiritsa ntchito alembedwemo limodzilimodzi, ndipo palembedwe mosabisa kuti madenga amene inu mudzajambule pa chithunzicho ndi anu, mutha kuwapereka ku khonsolo, ku MASDAP ndi ku OpenStreetMap. Wogulitsa akayamba kuzengereza pa mfundo yomalizayi, funsani wina.